Kodi chikhalidwe chimatha?

Pa chinkhoswe china chomwe ndinapitako, mkulu wina wolankhula m'malo mwa akuchimuna anati achinyamata ataya chikhalidwe, ndipo chikhalidwe chathu chikutha. Anthu anaomba m'manja, inenso ndinaomba nawo. Koma ndili m'minibasi pobwerera, mawu aja anandivuta. Kodi chinthu chotchedwa chikhalidwe chingathe anthu akadali moyo?

Tiyeni tiliphwanye liwuli. Tsinde lake ndi -khala. Mchira wake ndi womwe timaumva m'mawu monga kavalidwe, kadyedwe ndi kayankhulidwe, ndipo umatanthauza mmene chinthu chimachitikira. Chikhalidwe ndiye kuti ndi mmene anthu akukhalira. Pomwe pali anthu, chilipo basi. Chomwe mkulu uja ankadandaula ndi mwambo, malangizo ndi zochitika zomwe akuluakulu amapatsira ana. Mwambo ukhoza kusiyidwa, n'chifukwa chake timati mwana uyu ndi wopanda mwambo. Tikasakaniza mawu awiriwa, kusintha kulikonse kumaoneka ngati maliro.

Vuto lachiwiri ndi kamawu kakuti "chathu". Chathu ndani? Mchewa wa ku Dedza amadziwa chikamwini, pomwe mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi. Mngoni wa ku Mzimba amapereka lobola, ana n'kukhala a kubambo. Onsewa ndi Amalawi, ndipo palibe wosochera.

Zomwe timazitcha zamakolo nazonso zinayenda ulendo. Chimanga cha nsima yathu chinachokera ku America. Angoni a ku Ntcheu anachokera kummwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1800, lero amalankhula Chichewa, koma ngoma akuvinabe. Gule Wamkulu, yemwe UNESCO inamuzindikira mu 2005, ali ndi zilombo monga Simoni ndi Maliya, zomwe zinabadwa Achewa atakumana ndi azungu ndi mamishoni. Guleyo sanathe, anameza zachilendozo n'kuzivina.

Wina anganene kuti, aaa, zongokangana pa mawu izi. Ayi ndithu. Mu 1973 boma linakhazikitsa lamulo loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo linagwira ntchito mpaka ulamuliro wa chipani chimodzi uli kumapeto. Mu Januwale 2012 anthu ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula amayi ovala mathalauza m'misewu, akuti poteteza chikhalidwe. Liwu likagwiritsidwa ntchito molakwika, wina amalira nalo.

Sindikuti mkulu uja analibe mfundo. Pali miyambo yoyenera kuidandaula, monga kuchepa kwa nthano za madzulo zomwe zinkaphunzitsa ana chilankhulo. Koma aitchule dzina, kuti tikambirane ngati tiisunge kapena tiileke. Inu ophunzira, mukamva wina akuti chikhalidwe chatha, mufunseni mwaulemu kuti: mwambo wake uti, wa anthu ati, ndipo unayamba liti?