Nyimbo yoimitsa ntchito: luso la post-rock

Munthu sasankha nyimbo ndi makutu okha. Ntchito yake, kumene amaswera ndiponso anthu amene amakhala nawo zimamusankhira mbali yaikulu. Woyendetsa minibasi amafuna nyimbo yolimbana ndi phokoso la injini, ndipo wapaukwati amafuna yodzutsa m'chiuno msanga. Koma m'mizinda ikuluikulu mwachuluka munthu wa mtundu wina. Amakhala pa kompyuta kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kulemba ndi kuwerenga, kenako n'kukwera sitima mahedifoni ali m'makutu, osalankhula ndi aliyense. Mutu wake wadzaza kale ndi mawu. Kwa iye, nyimbo yopanda woimba yotalika mphindi 15 ndi mpumulo. Anthu oterewa ndi ochuluka pakati pa okonda post-rock.

Amene anatchukitsa dzinali ndi Simon Reynolds, mlembi wa ku Britain, mu 1994, pamene ankaunika chimbale cha Hex cha gulu la Bark Psychosis m'magazini ya Mojo. Ankanena za oimba ogwiritsa ntchito zida za rock, monga gitala, bezi ndi ng'oma, koma osatsata vesi ndi kolasi. Njirayo inali itatsegulidwa kale mu 1991 ndi Laughing Stock ya Talk Talk komanso Spiderland ya Slint, anyamata a ku Louisville. Kenako kunabwera Tortoise ku Chicago, Mogwai ku Glasgow, Godspeed You! Black Emperor ku Montreal ndi Sigur Rós ku Reykjavik.

Mtima wa luso limeneli ndi kudikiritsa. Tamverani Like Herod, ya m'chimbale cha Young Team chimene a Mogwai anatulutsa mu 1997. Bezi imayenda ndi kamayimbidwe kamodzi, kubwereza, kubwerezanso. Magitala amatsika pang'onopang'ono mpaka womvera kuyamba kukweza voliyumu poganiza kuti nyimbo ikutha. Ndiye mwadzidzidzi zida zonse zimaphulika pamodzi, mtima n'kuti phwii. Phokosolo palokha si chinthu chovuta, gulu lililonse lokhala ndi zokuzira mawu lingalipange. Chovuta ndi kugwira dzanja kwa mphindi zingapo, woimba ng'oma osathamanga, wagitala osadzionetsa, mpaka chete uja atakhwima. Zili ngati mitambo ya mu Novembala: mvula imakoma chifukwa cha kutentha kumene kwaitsogolera.

Gulu la Explosions in the Sky la ku Austin, Texas, limadikiritsa mwa njira yofatsa. First Breath After Coma, ya mu 2003, imayamba ndi kaliwu kamodzi ka gitala kobwerezabwereza, ng'oma yapansi n'kulowa ndi kugunda kwa mtima wa munthu. Gitala yachiwiri siphimba yoyamba, imaizungulira. Pano gitala yagwira ntchito imene mawu a woimba akanagwira. Naye Jónsi wa Sigur Rós amakhwekhweretsa uta wa cello pa zingwe za gitala, liwu n'kutuluka lalitali lopanda poyambira penipeni. Pa chimbale chawo cha mu 2002 anaimba mawu opeka opanda tanthauzo, mmero wake n'kusanduka chida ngati zinazo.

Ife amene tinazolowera kufunsa kuti nyimbo ikunena chiyani tingaganize kuti pano palibe uthenga. Ulipo, kungoti sutafuniridwa. Chimbale cha Godspeed cha mu 2000, Lift Your Skinny Fists Like Antennas to Heaven, chili ndi nyimbo zinayi zokha, iliyonse yotalika pafupifupi mphindi 20. Ina imatsegulidwa ndi mawu ojambulidwa a nkhalamba yokumbukira mmene Coney Island inkakomera kale, anthu akugona m'mphepete mwa nyanja usiku wonse. Nkhalambayo ikakhala chete, magitala amanyamula chisoni chake n'kuchikulitsa mpaka chisakhalenso cha munthu mmodzi. Palibe amene wakuuza kuti ulire chiyani. Nyimboyo yakutsegulira malo oti uikemo zako.

N'chifukwa chake opanga mafilimu anaukonda msanga mtundu umenewu. Explosions in the Sky anaimba mu Friday Night Lights mu 2004, a Mogwai mu filimu ya Zidane mu 2006, ndipo chaka chomwecho BBC inagwiritsa ntchito Hoppípolla ya Sigur Rós potsatsa pulogalamu yake ya Planet Earth. Komatu apa ndi pamene pagona vuto. Magulu ambiri otsatira anangotola chigoba: yamba motsitsa, kwera, phulika, tsika. Ukamva mphindi ziwiri zoyamba wadziwa kale mathero, ndipo kudikira kwako sikulipidwa kanthu. Moyo womwe uja umene unabweretsa omvera ndi umenenso wafooketsa luso, chifukwa munthu wotanganidwa amafuna nyimbo yosamusokoneza, ndipo oimba ena avomera kumupatsa yoteroyo.

Ine ndimakana kuti post-rock ndi yongoperekeza ntchito. Oimba amene anaiyambitsa ankaphwanya malamulo a nyimbo ya pawailesi, sankafuna kukhala phokoso la kuseri kwa ofesi. Pamene chimbale cha Mogwai cha As the Love Continues chinafika pa nambala 1 ku Britain mu 2021, patatha zaka zoposa 25 gululo litayamba, zinaonetsa kuti omvera odekha alipo ndipo sathawa. Omvera amenewa ayenera kupatsidwa zoposa chigoba. Muyeso wanga ndi uwu: nyimbo ya post-rock ikatha iwe ukulembabe osadukiza, yalephera. Yopambana imakuchotsa manja pa kompyuta n'kukulamula kuti umvetsere mpaka kumapeto.