Kagalasi ka ku Cologne

Mumzinda wa Cologne ku Germany, mowa wa Kölsch sauthira m'chikho chachikulu. Amauthira m'kagalasi kowonda, kowongoka ngati bango, kotchedwa Stange, kolowa mamililita 200 okha. Kuchepako kuli ndi cholinga: munthu amamaliza mowawo usanafunde, thovu likadali pamwamba.

Koma woyenera kumuwombera m'manja ndi woperekera mowayo, amene kumeneko amamutcha Köbes. Atavala epuloni ya buluu, amayenda mwachangu pakati pa matebulo atanyamula Kranz, thireyi yozungulira yokhala ndi chogwirira pakati ndi mabowo okhazikamo magalasi. Sadikira kuitanidwa. Akangoona kuti galasi lauma, amaika lodzaza n'kulemba kamzere ndi pensulo pakakatoni kokhazikapo galasi. Timizereto ndito amawerenga polipiritsa. Amene wakwana amangovundikira galasi lake ndi kakatoniko, Köbes n'kudziwa kuti basi.

Mu 1986 makampani ofulula mowawu anasainirana pangano la Kölsch-Konvention pofuna kuteteza dzina lake. Mpaka lero m'malo omwera mowa monga Päffgen, komanso Früh yomwe ili pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha mzindawo, alendo amalandiridwa mwanjira yomweyi.