Kutamanda a Pierre Boulez, Manja-opanda-ndodo

Lirani ng'oma! Mpanje utsogole, mbalule ayankhe, amayi konzekani nthungululu. Wotamandidwa lero ndi mwana wa ku Montbrison m'dziko la France, wobadwa pa 26 Malichi 1925, a Pierre Boulez.

Ndinu Manja-opanda-ndodo! Anzanu akamatsogolera gulu la oimba amagwira kandodo, inu munkabwera chimanjamanja. Chikhatho chikangodula mphepo, chala chachikulu n'kukhudza chamkombaphala, khamu lonselo linkayambira pamodzi, wotsalira palibe. Nkhope ili duu, thupi osagwedera, zodzionetsera ayi. Ndinu Khutu-losanamizika, amene lipenga limodzi likaphonya pang'ono pakati pa chinamtindi cha zida, mwini wake munkamudziwa pompo.

Ndinu Wothawa-masamu! Bambo anu ankafuna nanunso mukhale injiniya, koma mu 1943 munalowera ku Paris, n'kukaphunzira kwa Olivier Messiaen. Masamuwo anakulondolani ndithu: akumveka mu Le Marteau sans maître, nyimbo yanu ya 1955 ija, yovuta mwakuti oimba ambiri ankachita nayo mantha.

Gunda, lankhula tsopano, pakuti ng'oma sibisa. Ndinu Lilime-lamoto! Pakamwa panu panalibe chitseko, ndipo anzanu opeka nyimbo ambiri anapsa napo, ena popanda chifukwa chokwanira. Ndinu Wonyanyala: mu 1966 munayambana ndi nduna André Malraux, n'kuleka kugwira ntchito kwanu, n'kumakhala phee ku Baden-Baden, ku Germany. Mu 1967 munauza magazini ya Der Spiegel kuti mankhwala a nyumba za opera n'kuziphulitsa basi.

Komatu tamverani zodabwitsa! Wofuna kuphulitsayo ndiye ankazisesa nyumbazo. Wozzeck ya Alban Berg ku Paris mu 1963, ndinu. Parsifal ya Wagner ku Bayreuth mu 1966, ndinu. Ndiye kunabwera 1976, chikondwerero cha Bayreuth chitakwanitsa zaka 100, akukupatsani Ring, zisudzo zinayi zoimbidwa, inu n'kugwirana dzanja ndi Patrice Chéreau, wokonza zisudzo wa zaka 31. Nsalu itatseguka, anthu ankayembekezera mtsinje wa Rhine wa m'nthano. Anaona damu la magetsi. Milungu inatuluka itavala majekete ngati eni mafakitale. Inu pansipo mukutsitsa phokoso la zida kuti mawu a woimba afike kwa wokhala kumbuyo. Kunali kukuwa, kunali malikhweru, kunali kutukwana. Simunasunthe. Pofika 1980 holo yomweyo inkaomba m'manja osafuna kuti muchoke. Ndinu Wotukwanidwa-m'mawa-wovinidwa-madzulo!

Ndinu Wodzutsa-Lulu! Berg anamwalira mu 1935 asanamalize gawo lachitatu la opera yake ya Lulu, mkazi wake n'kuletsa aliyense kulikhudza. Friedrich Cerha atalimaliza, pa 24 Febuluwale 1979 ku Paris munaiimbitsa yonse yathunthu koyamba, Teresa Stratas ali Lulu.

Ndinu Wochotsa-mipando! Mu 1971 munalowa m'malo mwa Leonard Bernstein ku New York Philharmonic, kwinaku mukutsogoleranso gulu la BBC ku London. Mu 1973 munati mipando ichoke m'holo, ayale makapeti ndi mitsamiro, achinyamata amvere atakhala pansi. Anadzaza. Akuluakulu ena a mzindawo sanakukondeni mpaka munachoka mu 1977, ndi zawo zimenezo.

Ndinu Woitanidwa-ndi-Pulezidenti! Georges Pompidou anakubwezani kwanu, inu n'kukumba pansi pa Paris nyumba ya IRCAM, yotsegulidwa mu 1977, momwe woimba ndi katswiri wa kompyuta amagwirira ntchito limodzi. Munasonkhanitsa Ensemble intercontemporain, akatswiri 31 a nyimbo za lero. Mu IRCAM munabadwa nyimbo yanu Répons ya 1981: oimba asanu ndi mmodzi atazinga omvera, kompyuta ikutola mawu a zida zawo n'kuwaponya uku ndi uku. Mutakalamba munkaphunzitsa achinyamata ku Lucerne, lilime litazizira, khutu likadali lomwe lija.

Mpanje, tsika pang'ono. Munagona pa 5 Januwale 2016 ku Baden-Baden muli ndi zaka 90. Holo yaikulu ya Philharmonie de Paris lero imatchedwa dzina lanu. Chimodzi chokha ng'oma ikudandaula: za Wagner, za Berg, za Debussy ndi za Janáček munaziimbitsa mokoma chotero, koma opera yanuyanu simunalembe.