A Microsoft, lekani kutisinthira zitseko

Abale ndi alongo a kuno ku Birmingham, Coventry ndi Wolverhampton, ambiri a ife tinaphunzira kompyuta pa Windows XP ya mu 2001. Pofuna kusintha kanthu tinkapita malo amodzi, Control Panel. Mu 2012 Windows 8 inawonjezera malo achiwiri, ndipo ngakhale pa Windows 11 ya mu 2021, Control Panel ndi Settings zilipo zonse. China chili uku, china uko.

Taonani chilembo cha ŵ chimene enafe timachifuna polemba Malaŵi. Kiyibodi ya United Kingdom Extended ili nacho, poti anzathu a ku Wales amachigwiritsanso ntchito. Kuti muisankhe, pa XP mumalowera ku Regional and Language Options, pa Windows 7 ku Region and Language, pa Windows 11 ku Time & language. Ntchito yomweyo, zitseko zitatu!

Achinyamata amafufuza n'kupeza. Ovutika ndi mayi wobwera ku shifiti ya usiku atatopa, amene masiku ano ngakhale chilolezo chokhalira m'dziko muno, eVisa, amachionera pa intaneti. Ovutikanso ndi amalume ku Lilongwe amene tinawatumizira laputopu yakale. Tikamawalangiza pafoni, zimene tikuona ife si zimene akuona iwo.

Pa 14 October 2025 Microsoft inathetsa chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10, choncho ambiri tikukakamizika kusamukanso. Zatsopano sitikuzikana ayi. Tikungopempha kuti chilichonse chikhale ndi malo amodzi ndi dzina limodzi, kuti zimene munthu anaphunzira movutikira zisamapite pachabe.