Alenje Awiri a William Faulkner

M'buku la Go Down, Moses (1942) William Faulkner atisonyeza alenje awiri m'nkhalango za ku Mississippi. Mnyamata Ike McCaslin ayamba ndi mantha. Sam Fathers, nkhalamba yomphunzitsa, samchotsera manthawo, koma amzoloweza kuima duu ndi kulindira. Pofuna kuona chimbalangondo chachikulu cha m'nkhalangomo, mnyamatayo asiya mfuti, pambuyo pake wotchi ndi kampasi yomwe. Pofika zaka 12 apha nswala yake yoyamba, ndipo Sam ampaka mwazi wa nyamayo kumaso.

Koma ine ndiyesa luso la mlembi lioneka koposa mwa Boon Hogganbeck. Munthuyu ngwamphamvu ndi wolimba mtima, thengo alidziwa, komabe mfuti yake ingophonya. Zaka zipita, iye osasintha. Chimbalangondo chija achipha ndi mpeni. Ndipo potsiriza timpeza patsinde pa mtengo wodzala agologolo, alikugogoda mwaukali mfuti yake yophwasuka, napirikitsa Ike. Faulkner amseka pang'ono, koma samchiritsa konse.

Ophunzira athu polemba za uzimba akonda mlenje wosaphonya, n'chifukwa chake zimangirizo zawo zizizira. Aphunzitsi, awerengereniko za Boon.