Momwe King Anayankhira Omudzudzula

Wophunzira wa ku koleji akapatsidwa ntchito yolemba chidule cha nkhani ya munthu wina kenako n'kuikapo maganizo ake, kawirikawiri amathamangira gawo lachiwirilo. Chidule amangochipalasa pamwamba, mtima uli kale pa zimene iye akufuna kunena. Wotereyu ndikadakonda atakhala pansi ndi kalata imene Martin Luther King Jr. analemba ali m'ndende ku Birmingham, m'chigawo cha Alabama, pa 16 Epulo 1963.

Atsogoleri achipembedzo asanu ndi atatu, onse azungu, anali atatulutsa chikalata m'nyuzipepala chodzudzula zionetsero za anthu akuda mumzindawo. King anayamba kuwayankha m'mphepete mwa nyuzipepala yomweyo, poti pepala lina analibe. Munthu womangidwa, wonenedwa pagulu, tikadamumvetsa akadalemba mwaukali. Koma iye akutola mfundo zawo imodziimodzi, kuinena mwachidule m'mawu oti eni akewo sangaikane, ndiyeno n'kuiyankha. Zili ngati nduna ya pabwalo la milandu, imene imabwereza zomwe wodandaula wanena mpaka mwini wake atavomera kuti n'zomwezo.

Taonani poyambira. Abusawo ankati iye ndi mlendo wodzautsa mapiri pachigwa. King akuyamba ndi yankho laling'ono, lotsimikizika: ndi mtsogoleri wa bungwe la Southern Christian Leadership Conference, ndipo nthambi yake ya ku Birmingham ndi imene inamuitana. Akatero m'pamene akukwera pa nkhani ya mtumwi Paulo, amene anachoka kwawo ku Tariso kupita kumene kunali kofunika thandizo. Umboni ukutsogola, Baibulo likubwera pambuyo, ndipo akulitsegulira anthu amene amalilalikira okha.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi kulolera kwake. Pomwe omudzudzula akuti kukambirana n'kwabwino kuposa kuguba m'misewu, iye akuvomera kuti akunena zoona, kenako akuonetsa kuti zionetserozo cholinga chake n'kutsegula khomo la zokambirana, popeza eni masitolo analonjeza kuchotsa zikwangwani za tsankho koma lonjezolo silinakhalitse. Pa nkhani yophwanya malamulo akuvomeranso kuti nkhawa yawo ndi yomveka, chifukwa iye mwini ankalimbikitsa anthu kumvera chigamulo cha Khoti Lalikulu cha mu 1954 chothetsa tsankho m'masukulu. Atadzipanikiza yekha chonchi, akusiyanitsa lamulo lachilungamo ndi lopondereza, motsamira pa Augustine ndi Thomas Aquinas.

Ndiye pali mawu a abusawo oti anthu akuda adikire kaye. Mfundoyi akuinena m'mawu ochepa, koma yankho lake ndi chiganizo chimodzi cha mawu pafupifupi 300, chosapumira, momwe muli mwana wake wamkazi wa zaka 6 akulengeza misozi atauzidwa kuti kumalo osewerera a Funtown ana akuda saloledwa. Wowerenga amadikira mapeto a chiganizocho mpaka kutopa, ndipo kutopako ndiye yankho limene King ankafuna kuti abusawo alimve m'thupi.

Inu amene mwapatsidwa ntchito yotereyi, musanalembe maganizo anu, perekani chidule chanu kwa mnzanu amene akugwirizana ndi mlembi wa nkhaniyo. Akanena kuti mwamunamizira, chilembeninso.