Kuwerenga masamba a buku lomwe linatayika

Ndakatulo ya Lucretius, mlakatuli wa ku Roma yemwe analemba m'Chilatini Yesu asanabadwe, ili ndi mizere yoposa 7,000. Zolemba za dzanja lake kulibe. Alipo ndi makope okoperedwa pamanja pa zikopa, ndipo awiri odalirika kwambiri, a m'zaka za m'ma 800, ali ku Leiden. Amatchedwa potengera maonekedwe: Oblongus, lalitali, ndi Quadratus, lofanana mbali zonse.

Karl Lachmann wa ku Berlin, yemwe anasindikiza ndakatuloyi mu 1850, anayerekeza makopewo mzere ndi mzere, akusaka zolakwika. Mphunzitsi amagwira ana oonerana pa mayeso akaona kuti aphonya pamodzimodzi, mofanana. Nawo makope akaphonya choncho, ndiye kuti kholo lawo ndi limodzi. Kholo limeneli linatayika kalekale, koma Lachmann analiyeza.

Mu Quadratus, zigawo zinayi za ndakatuloyi sizili pamalo pake, zaunjikidwa kumapeto. Iye anawerenga mizere yake. Chigawo chilichonse chinakwana 52, kuphatikizapo timitu ta pakati. Tsamba lili ndi mbali ziwiri, choncho 26 kutsogolo, 26 kuseri. Anali masamba anayi omwe anathothoka m'kholo lija, wina n'kuwatola, n'kuwalowetsa kumapeto, wokopera n'kungotsata momwe anawapezera.

Chomwe chimandigometsa kwambiri chili m'buku loyamba la ndakatuloyi. Mizere ya 1068 mpaka 1075 ndi yoduka, ilibe mawu otsiriza. Patsogolo pang'ono, mizere ya 1094 mpaka 1101 palibiretu, ndipo wokopera Oblongus anasiya mpata wa mizere isanu ndi itatu wosalembapo kanthu. Chotsani 1068 pa 1094: patsala 26. Mabala awiriwa anali pa tsamba limodzi, lina kutsogolo, lina kuseri kwake kwenikweni. Chikopa chinang'ambika kamodzi, n'kudya mbali zonse ziwiri. Wokopera uja nayenso ndi woyenera kuyamikiridwa: sanapeke mawu oti atsekere, anasiya mpata wa muyeso wake.

Atawerengera chonchi, Lachmann anati buku lotayika lija linali ndi mbali zamasamba 302, pomwe sanalionepo. Akatswiri a pambuyo pake anamutsutsa pa zina, monga mtundu wa zilembo zomwe zinali m'bukulo, koma nambala ya 26 akuigwiritsabe ntchito mpaka lero.